Mutu umatiwawa madzulo aliwonse tikayatsa hita ya gasi, thandizeni

Mayi wa Awiri:
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo, paja safunsa anadya phula. Chiyambire kuzizira timayatsa hita ya gasi pabalaza madzulo aliwonse, ija yomangirira kukhoma yokhala ndi chumuni. Tsopano yakwana milungu iwiri, ikamati 8 koloko usiku mutu umandiwawa ngati wina waumanga ndi chingwe. Mwana wanga wamkulu akudandaula zomwezo. Wamng'ono, amene masiku onse timachita kulimbana naye kuti akagone, akumangogona pampando asanamalize n'kudya komwe. Ndimayesa chimfine, koma palibe amene watentha thupi, ndipo ine ndikapita kuntchito, pofika 10 koloko m'mawa ndimakhala ndili bwinobwino.

Ndisabise, pansi pa zenera pali kabowo kotchinga ndi kawaya kamene kamalowetsa mphepo yozizira. Ndinakatseka ndi thawulo lakale n'kumata tepi. Bambo a kunyumba akuti sizikukhudzana chifukwa m'nyumba simukumveka fungo la gasi. Panopa hita ikuyaka ndipo mutu wayambanso. Kodi ndikungodera nkhawa pachabe?

Namwino Wausiku:
Achemwali, zokambirana zibwere pambuyo. Zimitsani hitayo pompano, tsegulani zitseko ndi mazenera onse, ana atuluke panja. Mukatero pitani kuchipatala nonse usiku womwe uno, musadikire kuti kuche, ndipo mukanene momveka bwino kuti mukukayikira mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Anthu atatu m'nyumba imodzi kumva mutu nthawi yofanana, osatentha thupi, n'kumachira akachoka pakhomo, chimfine sichitero.

Wokayika Zonse:
Anamwino, musawaopseze mayiwa usiku uno. Ine ndaotha gasi zaka zambirimbiri, mazenera chitsekere, sindinagonepo m'chipatala. Gasi akamatuluka amanunkha, ngakhale mwana amadziwa. Fungo likakhala kulibe ndiye kuti zonse zili bwino. Mwina ndi kutopa chabe.

Mmisiri wa Gasi:
Achimwene, pamenepo ndi pamene anthu ambiri amasochera, ndipo bambo a kunyumba kwa mayiwa asocheranso pomwepo. Zoopsa zilipo ziwiri, ndipo n'zosiyana.

Pali gasi amene watuluka osayaka, mwina paipi yang'ambika kapena regulator, kachipangizo ka pakamwa pa silinda kaja, sinamange bwino. Ameneyo ndiye amanunkha ngati dzira lowola, ndipo ngozi yake ndi moto kapena kuphulika. Fungolo si lake, amachita kuthiramo dala mankhwala otchedwa mercaptan kuti mphuno izitichenjeza.

Ndiye pali mpweya umene umatuluka gasi ATAYAKA kale. Moto ukamapeza mpweya wokwanira, gasi amapsa yense n'kutulutsa carbon dioxide ndi nthunzi ya madzi. Mpweya ukaperewera, amapsa mosamaliza n'kutulutsa carbon monoxide. Umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa, suwawa m'maso ngati utsi wa nkhuni. Mphuno ilibe ntchito pamenepa.

Amayi, kabowo munatseka kaja omanga nyumba sanakaiwale. Hita ya chumuni imakoka mpweya wa m'chipindamo kuti iyake, utsi wake n'kukwera m'chumuni kupita kunja. Umene wakwerawo uyenera kulowedwa m'malo ndi wina wochokera panja. Mukatseka polowera, chumuni chimafooka, utsi umabwerera m'chipinda, motowo n'kuyamba kupuma utsi wake womwe. Zikafika apo carbon monoxide imachuluka msanga kwambiri.

Mayi wa Awiri:
Tazimitsa. Tili panja, tikunyamuka. Manja akunjenjemera. Ndilembanso.

Namwino Wausiku:
Mwachita bwino. Ngati amene akuyendetsa galimoto akumva chizungulire, asayendetse, pemphani wina.

Mphunzitsi wa Sayansi:
Podikira kuti mayiwa atiuze, ndiwonjezere pa zimene anena amisiri, chifukwa anthu sazindikira kuti moto ndi wadyera chotani pa mpweya. Mu mpweya umene timapumawu, okosijeni ndi pafupifupi 21 peresenti basi. Kuti lita imodzi ya propane, gasi amene amakhala m'masilinda ambiri, ipse bwino itatuluka kale ngati mpweya, pamafunika malita pafupifupi 24 a mpweya. Gasi wa m'mapaipi, methane, amafuna pafupifupi 10. Ndiye taganizani chipinda chotseka ponseponse, anthu anayi akupuma, hita ikudya mpweya womwewo kwa maola anayi.

Za fungo lija, mbiri yake ndi yomvetsa chisoni. Mu 1937 sukulu ina ku New London, m'chigawo cha Texas ku America, inaphulika chifukwa gasi wopanda fungo anadzaza pansi pa nyumbayo wina aliyense osadziwa. Anafa anthu pafupifupi 300, ambiri mwa iwo ana. Zitachitika zimenezo ndi pamene Texas inakhazikitsa lamulo loti gasi azithiridwa fungo, ena n'kutsatira. Koma carbon monoxide simungaithire fungo, chifukwa siichokera kufakitale, imabadwira m'nyumba mwanu momwemo.

Wokhala pa Lendi:
Ine yanga ndi ija ya matayala yokhala ndi silinda kumbuyo, ilibe chumuni. Mutu sundiwawa, koma magalasi a mazenera amachita thukuta mpaka madzi kuyenderera pansi, ndipo kuseri kwa wadiropu kwamera nkhungu yakuda. Eni nyumba akuti ndine wauve. Kodi n'zogwirizana?

Mphunzitsi wa Sayansi:
N'zogwirizana ndithu. Kilogalamu imodzi ya propane ikapsa imatulutsa madzi opitirira pang'ono kilogalamu imodzi ndi theka, ali ngati nthunzi. Popanda chumuni madzi onsewo amatsalira m'nyumba, n'kukatera pamalo ozizira monga galasi ndi khoma la kuseri kwa mipando. Si uve umenewo, mukuthirira khoma lanu tsiku ndi tsiku osadziwa.

Mmisiri wa Gasi:
Ndipo thukuta la pagalasilo likukuuzani kuti mpweya m'chipindamo sukusinthana. Madzi akamatsalira, zina zonse zimene motowo watulutsa zikutsaliranso.

Mahita alipo a mitundu itatu. Ilipo yotseka kutsogolo ndi galasi, imene imakoka mpweya panja n'kubwezera utsi panja kudzera m'paipi ya pakhoma. Imeneyo siikhudzana ndi mpweya wa m'chipinda, ndipo ikaikidwa bwino ndiyo ndimagona nayo mtima uli m'malo. Ilipo ya chumuni ngati ya mayi aja. Ndiye ilipo yanuyo, yopanda potulutsira, chilichonse chimene yatulutsa mumapuma ndinu.

Zambiri za mtundu wanuwo zimakhala ndi kachipangizo kotchedwa ODS, kamene kamazimitsa moto okosijeni akatsika kufika cha pa 18 peresenti. N'kothandiza, koma sikayeza carbon monoxide. Hita ya fumbi m'kati ikhoza kumatulutsa poizoni okosijeni asanatsike kufika pamenepo. Ndipo ndakumanapo ndi anthu amene hita ikamazimazima yokha amatopa nayo, n'kupeza wina woti "aikonze" pochotsa kachipangizoko. Ikamazima yokha ikukuuzani kuti mpweya wachepa, musaitseke pakamwa.

Yanuyo muziyatsa muli maso, zenera lotsegula pang'ono, ndipo isalowe kuchipinda chogona kapena kubafa.

Wokayika Zonse:
Ndiye phindu lake n'chiyani? Ndigule gasi, ndiyatse, kenako nditsegule zenera kuti ndizifunditsa panja?

Wokhala pa Lendi:
Funso limeneli nanenso linali pakamwa.

Mmisiri wa Gasi:
Walira mvula walira matope, achimwene. Sindikunena kuti mutsegule chitseko chonse, kampata kolowa zala ziwiri kapena zitatu kamasintha zinthu. Kutentha pang'ono kuthawa, inde, sindikunamizani. Koma mpweya wachinyezi umene mukuusungawo ndi umene umanyowetsa makoma ndi zofunda, nyumba n'kumamveka yozizira ngakhale hita ikuyaka. Ngati mphepo ya pakabowo ikukupwetekani m'miyendo, sunthani mpando, kapena itanani mmisiri aikepo chotchinga cha mtundu umene umakhotetsa mphepo osachepetsa kukula kwa bowo. Kungotseka ndiye ayi.

Agogo Aamuna:
Ana inu, ndiloleni ndinene zanga. Ine zinandichitikira ndili mnyamata, ndikukhala ndekha m'kachipinda kamodzi. Usiku wina kunazizira kwambiri, ndinatseka mpata wa pansi pa chitseko ndi thumba, n'kusiya moto wa gasi ukuyaka pang'ono, ndimati ndizimitsa ndikangofunda. Tulo tinandiba. Ndinadzidzimuka pakati pa usiku mtima ukugunda ngati ng'oma, mutu ngati ung'ambika. Ndinadziwa bwinobwino kuti ndiyenera kutsegula chitseko. Chitsekocho ndinkachiona, chinali pafupi, mwina mapazi asanu. Koma miyendo inakana. Ndinati ndidzuke, ndinangogwa ngati thumba la mchenga. Ndinakwawa ndi zigongono, ndipo ndikukumbuka kuti ndili pakati pa njira maganizo ena ankandiuza kuti "tangopuma kaye pang'ono pansi pano, pakuzizira bwino." Ndikanamvera mawu amenewo bwenzi lero musakundiwerenga. Ndinafika pachitseko, ndinakoka chogwirira, n'kutulutsa mutu panja, ndipo ndinasanza pomwepo.

Mdzukulu wanga Wokayika, iwe ukuti sunadwalepo. Inenso ndinali ndisanadwalepo kufikira usiku umenewo.

Namwino Wausiku:
Agogo, zimene mwafotokozazi ndi momwe zimakhaliradi. Magazi athu ali ndi haemoglobin, ntchito yake kunyamula okosijeni kupita nayo m'thupi monse. Carbon monoxide imamatirira ku haemoglobin mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200. Ikakhala pampando siifuna kudzuka. Munthu akupuma bwinobwino, mapapo akudzaza, koma magazi akuyenda opanda katundu. Zoyamba kuvutika ndi ubongo ndi mtima, n'chifukwa chake nzeru zimasokonekera ndipo minofu imafooka pa nthawi imene munthu akufunika kuthawa. Amene ali m'tulo kapena amene wamwa mowa nthawi zambiri sadzidzimuka n'komwe.

Pali zinthu zina zimene ndimafuna aliyense azidziwe. Kachipangizo kopana pachala koyezera okosijeni kaja, kamene ambiri anagula nthawi ya Covid, kamanama pa nkhani imeneyi. Sikasiyanitsa magazi onyamula okosijeni ndi onyamula carbon monoxide, ndiye kakhoza kuonetsa 98 munthu ali pangozi. Pamafunika kuyeza magazi, kapena chipangizo china chopangidwira zimenezi.

Komanso kutuluka panja sikuchotsa poizoniyu nthawi yomweyo. Munthu akamapuma mpweya wamba, pamatenga maola anayi kapena asanu kuti theka lake lichoke m'magazi. Akapatsidwa okosijeni weniweni kuchipatala, zimatenga ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Ndipo amayi oyembekezera asazengereze ngakhale akumva bwino, chifukwa magazi a mwana wosabadwa amagwira carbon monoxide kwambiri ndipo amachedwa kuitaya kuposa a mayi ake. Ana aang'ono, okalamba ndi odwala mtima nawonso amagwa msanga.

Mayi Wachikulire:
Ine ndinamva kuti ukaika beseni la madzi pafupi ndi hita limayamwa poizoni yense. Ndimatero chaka chilichonse.

Mphunzitsi wa Sayansi:
Pepani amayi, beseni silithandiza. Carbon monoxide siisungunuka m'madzi kwenikweni. Maluwa a m'miphika nawonso sangakwanitse. Chochotsa mpweya woipa ndi mpweya wina wolowa.

Nkhani ya agogo yandikumbutsa za m'migodi. Katswiri wina wa ku Scotland, John Scott Haldane, atafufuza ngozi za m'migodi ya malasha cha m'ma 1890, anapeza kuti ambiri ankafa ndi carbon monoxide osati ndi kuphulika kwenikweniko. Ndiye analangiza kuti anthu azilowa ndi tinyama ting'onoting'ono, ndipo mbalame zotchedwa canary ndi zimene zinatchuka, chifukwa zimafooka munthu asanamve kanthu. Ku Britain anasiya kuzigwiritsa ntchito mu 1986, zipangizo zamagetsi zitalowa m'malo. Kunyumba n'chimodzimodzi, mphaka kapena galu akamafooka nthawi imene anthu akumva mutu, musamati n'zongochitika.

Wokhala pa Lendi:
Ine ndili ndi alamu kudenga, ija imalira ndikapsereza chakudya. Ndiye kuti ndine wotetezeka?

Mmisiri wa Gasi:
Imeneyo ndi ya utsi, siimva carbon monoxide pokhapokha italembedwa kuti imagwira zonse ziwiri. Mufune yolembedwa CO, chidule cha carbon monoxide, ndipo muone ngati ili ndi chizindikiro cha muyezo, monga EN 50291 wa ku Ulaya kapena UL 2034 wa ku America. Timapepala tija tosintha mtundu sindimatikhulupirira, munthu ali m'tulo saona mtundu.

Poika pake, m'chipinda momwe muli hita, ikhale mita imodzi mpaka atatu kuchoka pa hitayo, m'mwamba kupitirira msinkhu wa chitseko, osati kuseri kwa katani kapena pafupi ndi zenera. Carbon monoxide imalemera pafupifupi mofanana ndi mpweya wamba, koma imatuluka ili yotentha ndiye imayamba yakwera. Ina ikhale pafupi ndi pogona, poti ikalira idzutse anthu. Musasokoneze ndi gasi wa m'silinda amene watuluka osayaka, ameneyo ndi wolemera, amatsika n'kukhala pansi ngati madzi.

Chinanso, alamu siilira ikangomva pang'ono. Za muyezo wa EN 50291 zimalira pakati pa mphindi 60 ndi 90 mpweyawo ukakhala pa 50 ppm (magawo 50 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wa m'chipinda), pakati pa mphindi 10 ndi 40 ukakhala pa 100, ndipo pasanathe mphindi zitatu ukafika 300. Ndiye munthu akhoza kumamva kamutu tsiku ndi tsiku alamu ili chete. Komanso zimakalamba, zambiri zimatha pakati pa zaka 5 ndi 10, tsiku lake limalembedwa kumbuyo. Kabatani koyesera kaja kamangokuuzani kuti batire ndi belu zili moyo.

Alamu siilowa m'malo mwa kukonzetsa hita. Chaka chilichonse, kuzizira kusanayambe, mmisiri wovomerezeka ayione, ayeretse, ayese ngati chumuni chikukoka.

Wokayika Zonse:
Amisiri mukudzitsatsa malonda apa.

Mmisiri wa Gasi:
Itanani wina aliyense amene ali ndi chiphaso, osati ine. Ndipo nazi zoti muone nokha osalipira kanthu. Lawi labwino limakhala labuluu, lolimba, losagwedezeka. Likakhala lachikasu, laulesi, lopepesuka ngati la kandulo, china chake chalakwika. Onaninso mwaye kapena kuda kwa bulauni pamwamba pa hita ndi pakhoma, ndi kalawi kakang'ono koyatsira kaja ngati kakuzimazima.

Mayi Wachikulire:
Koma yanga inabwera ndi malawi achikasu chigulire, ili ndi timiyala tooneka ngati makala.

Mmisiri wa Gasi:
Zoona amayi, zokongoletsa zija anazipanga dala kuti zizioneka ngati moto wa nkhuni, ndiye pa zimenezo mtundu wa lawi sukuuzani zambiri. Chofunika ndi chakuti timiyalato tikhale momwe buku lake likunenera. Ena akamapukuta fumbi amatibwezera mosokoneza, kapena kuwonjezera tina kuti pakongole, lawi n'kumagunda pamene siliyenera, mwaye n'kuyamba.

Pali chinanso chimene ngakhale amisiri ena amaiwala kuyesa, fani yotulutsa utsi kukhitchini kapena kubafa. Nyumba ikakhala yotseka bwino, faniyo ikamatulutsa mpweya, nyumba imafuna pobwezera, ndipo imakoka kudzera m'chumuni. Utsi umene umayenera kukwera umatsika. Ndinapitapo kunyumba ina kawiri osapeza vuto, kachitatu ndi pamene ndinazindikira kuti mutu umawawawa nthawi yophika yokha. Titayatsa fani n'kutseka zitseko, utsi woyesera unangotembenuka n'kulowa pabalaza tikuona.

Wophunzira Wosauka:
Nanga ife opanda hita amene timangoyatsa chitofu cha gasi kapena uvuni n'kusiya chitseko chake chotsegula kuti m'nyumba mufunde?

Namwino Wausiku:
Achimwene, siyani lero lomwe. Chitofu anachipangira kuyaka kanthawi kochepa, pamalo podutsa mpweya. Kuwonjezera pa carbon monoxide, lawi la gasi limatulutsanso nitrogen dioxide, imene imapweteka njira za mpweya ndipo imavutitsa kwambiri ana a mphumu. Makala ndi jenereta m'nyumba ndiye zoopsa kuposa pamenepo. Ku America kokha, bungwe la boma loona za matenda la CDC limati anthu oposa 400 amafa chaka chilichonse ndi carbon monoxide mwangozi, osawerengera a moto wa nyumba.

Woyang'anira Gulu:
Ndakhoma uthenga woyamba wa anamwino pamwamba kuti aliyense wolowa auone. Amene ali ndi mafunso a silinda yotuluka gasi ayambitse nkhani ina, pano tisasakanize. Mwachidule kwa amene anandifunsa kumbali: mukamva fungo musayatse kapena kuzimitsa switchi iliyonse, tsekani silinda, tsegulani zitseko, ndipo poyesa potulukira gwiritsani ntchito thovu la sopo, osati machesi.

Mayi wa Awiri:
Ndabweranso, pepani ndachedwa, dzulo linali tsiku lalitali. Tonse tili bwino. Kuchipatala anatiyeza magazi, anapeza kuti tonse anayi tinali nawo mpweyawo, ngakhale bambo amene ankati sakumva kanthu. Pambuyo pake ndi pamene anaulula kuti nawonso mutu unkawawawa, ankangomwa mankhwala mwakachetechete. Anatiika pa okosijeni maola angapo. Wamng'ono anamusunga mpaka m'mawa kuti amuone bwino. Atiuza kuti tikaona kuiwalaiwala, kusokonezeka kapena mutu wosatha m'milungu ikubwerayi tibwererenso.

Mmisiri anabwera masana. Atachotsa hita pakhoma, kuseri kunali mulu wa timitengo, udzu ndi nthenga, mbalame zinamanga chisa m'chumuni ndipo china chinagwera pansi. Anati chumunicho chinali chikukokabe pang'ono, mwina n'chifukwa chake chaka chatha sitinamve kanthu, koma nditatseka kabowo kaja ndinamaliza kampata kamene kanatsala. Chimene chandipweteka mtima ndi ichi: pamwamba pa hita pali chithunzi cha ana, ndipo kwa milungu iwiri ndakhala ndikupukuta kuda pagalasi lake Loweruka lililonse, n'kumadandaula kuti fumbi lachuluka. Unali mwaye.

Wayeretsa, waika kawaya pamwamba pa chumuni kuti mbalame zisalowenso, wayesa ndi utsi fani ya kukhitchini ikuyaka, ndipo tagula ma alamu awiri. Thawulo lija ndalichapa, labwerera kubafa. Anamwino, sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji.

Namwino Wausiku:
Ndasangalala kwambiri achemwali. Mupsompsoneni wamng'onoyo. Aphunzitsi ake kusukulu muwauzeko, kuti akaona kusintha kulikonse akudziwitseni.

Agogo Aamuna:
Mulungu ndi wabwino. Bambowo musawakalipire kwambiri, amva kale.

Wokayika Zonse:
Amisiri, ndinakayang'ana yanga usiku. Lawi ndi lachikasu chakumtunda, ndipo nditasuntha wotchi ya pakhoma ndapeza kuti pamene inali m'poyera, pozungulira ponse pada. Yanga si ya timiyala. Ndazimitsa. Kodi ndikaipukuta ndekha ndi burashi ndingayatse usiku uno wokha, zenera lili lotsegula?

Mmisiri wa Gasi:
Ayi achimwene. Tsekani gasi pa valavu, isayake mpaka wina wa chiphaso aitsegule m'kati ndi kuona chumuni. Usiku uno onjezani bulangeti. Ndipo mukamuitana mumuuze za wotchiyo, musapukute khomalo asanalione.